Mphwanga, Usanakwere Basi ya ku Joni, Timvane za Shapu

Mayi ako andiuza kuti pasipoti yatuluka ndipo ndalama ya basi yakwana. Dzulo nditakuyimbira kufunsa ngati wakonzeka, unandiyankha liwu limodzi: "Shapu." Nditafunsa ngati mnzako uja walonjezadi kukakuchingamira pa Park Station, unati "shapu" kachiwiri. Ndisanamalize n'komwe zimene ndimafuna kukuuza, unati "shapu, malume," foni n'kuduka. Ndinatsala pakhonde foni ili m'manja, ndisakudziwa ngati mnzakoyo akabweradi, ngati uli ndi nambala yake pa pepala, ngati ukuopa kapena ayi. Ndinakhala zaka 14 ku South Africa, kuyambira 1998 mpaka 2012, ndipo ndili ndi zambiri zoti ndikuuze za mapepala, za nyumba ndi za anthu. Koma ndayamba ndi liwu limeneli, chifukwa linandidyera ndalama, linatsala pang'ono kundiphera mnzanga, ndipo linawaliza mayi ako.

Sindidana nalo ayi. Inenso ndimalinena, ndipo likagwa pamalo pake limakoma ngati mchere wokwanira m'ndiwo. Chichewa chathu sichiopa mawu a eni. Nsapato ndi kapitawo tinatola kwa Apwitikizi, sitolo ndi sukulu kwa Angerezi, ndipo lero palibe amawayesa alendo. Agogo ako aamuna anapita ku migodi pa ndege za Wenela, Kamuzu asanaletse maulendowo m'chaka cha 1974 ndege ina itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Pobwera, m'sutikesi mwawo munali bulangete ndi jekete, m'kamwa munali Chifanakalo cha kumgodi. Ngakhale malo amene ukakwerere basi mu Blantyre mpaka lero timawatchula kuti pa Wenela. Mbadwo uliwonse umabwera ndi mawu ake kuchokera kumwera. Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti wobwera amathandiza pamene eni mudzi alephera. Ndi zoona. Komabe kalumo komweko kamacheka chala cha munthu amene sanaphunzire kukagwira, ndipo mlendo tikunenayu dzina lake lenilenilo ndi kuthwa.

Pa Chingerezi amalemba sharp. Ndi liwu lakale, la zaka zoposa 1,000, ndipo lili ndi abale ake: pa Chiafrikaansi amati skerp, Ajeremani amati scharf. Tanthauzo lake loyamba ndi la mpeni, lumo, nkhwangwa yonoledwa, munga. Gwira tsinde limeneli, chifukwa nthambi zambiri zinaphuka pomwepa. Chinthu chakuthwa chili ndi nsonga, chimalowa mosavuta, chimalasa pamodzi osamwazika. Nthawi ikhoza kukhala yotero, nzeru zikhoza kukhala zotero, ululu, lilime, ngakhale khona ya msewu. Nthambi imodzi yokha ndiyo inapita kutali kwambiri ndi tsinde mpaka kuiwala kwawo, ndipo ndi yomwe iwe ukuidziwa.

Shapu ya mumsewu inakulira m'malokeshoni a ku South Africa, ku Soweto, ku Alexandra ndi kwina, m'chilankhulo cha anyamata chimene amachitcha Tsotsitaal. Munthu akati "heita" kapena "howzit," umayankha "sharp," kapena kubwereza kawiri, "sharp sharp," chala chachikulu chili m'mwamba. Ndi moni, ndi zikomo, ndi "ndamva," ndi "tagwirizana," ndi "tionana." Wa petulo amauza dalaivala, dalaivala amauza mlonda wa pageti, mlonda amauza bwana, ndipo bwanayo amabweza chimodzimodzi. Dziko limene malamulo ake a 1996 anavomereza zilankhulo 11, n'kuwonjezerapo cha manja m'chaka cha 2023, limafuna mawu ochepa amene Mzulu, Msotho, Mvenda ndi mzungu onse angaponyerane osayamba afunsana kwawo. Ili ndi limodzi mwa mawuwo. Ndikudziwa chifukwa chake mlendo amalikonda. Ukakhala m'minibasi imene eni ake amaitcha taxi, usakudziwa Chizulu, ukatsegula pakamwa ndi Chingerezi cha kusukulu anthu amatembenuka, ndipo wina amanong'ona liwu lija lonyoza alendo lakuti kwerekwere. Ukangoti "sharp" n'kukweza chala, palibe amakuyang'ana kawiri. Miyezi yanga yoyamba liwuli linali chofunda changa. Ndinkabisalamo.

Ndinafika m'nyengo yozizira. Masiku amenewo, monganso lero, ofuna ganyu tinkaima m'mbali mwa msewu pafupi ndi hadiweya, aliyense atanyamula katoni yolembapo ntchito yake. Yanga ndinalembapo za penti. Patapita masabata atatu ndisanagwire kanthu, panaima kapikapu kamene kumeneko amati bakkie. Mwini wake anali ndi nyumba zingapo zoti zipentedwe, ntchito ya miyezi itatu. Anandifunsa mafunso, anandiyang'ana m'manja, n'kusankha ine pakati pa anthu oposa 10. Ponyamuka anatulutsa mutu pawindo n'kunena kuti, "Tomorrow, here, six thirty sharp." M'makutu mwanga munalowa zinthu ziwiri: nthawi, kenako funso loti tagwirizana. Ndinakweza chala n'kuyankha kuti "sharp." M'mawa mwake mzere wa minibasi unali wautali, ndinafika 7 koloko itatsala mphindi 10. Mumtima ndinalibe nkhawa, poti kwathu kuchedwa kwa mphindi 20 munthu amakudikira pamthunzi. Anzanga a makatoni anandiuza kuti galimoto inabwera, inaima pang'ono, inatenga mnyamata wa ku Zimbabwe n'kupita.

Amene anandimasulira anali bambo wina wa ku Mzimba, wokhalitsa kumeneko, amene ankagwira ntchito yophika m'nyumba ya azungu. Anati, "Mwana wanga, liwu limenelo likabwera pambuyo pa nthawi, si moni. Likutanthauza ndendende. Ndi muvi wa wotchi utalasa pamalo pake, osapendekera uku kapena uku." Usiku umenewo ndinagona ndi tiyi wopanda buledi, ndipo lendi ya mwezi umenewo anandilipirira ndi iwowo. Chingerezi ndinakhoza bwino pa MSCE, ndipo tanthauzo limeneli liyenera kuti linali m'buku lina limene ndinawerengapo. Koma mumsewu ndinali nditamva shapu kambirimbiri tsiku lililonse mpaka matanthauzo ena onse anafufutika m'mutu. Iwe uli pangozi yomweyo, mwinanso yoposa, chifukwa wakula nalo liwuli ku Ndirande ndipo ukuliyesa lako.

Nkhani ya nthawi kumeneko ili ndi misampha ina. Munthu wa ku South Africa akati "just now," usaimirire kudikira. Akutanthauza nthawi ina, mwina madzulo, mwina osachitika n'komwe. Akati "now now" ndiye kuti posachedwa, komabe osati pompano. Njira imene ndinaipeza ndi imodzi: pempha nambala. Funsa kuti nthawi yanji, ubwereze nambalayo iye akumva, ndipo ukafike mphindi 15 isanakwane.

Patapita zaka ndinagwira ntchito yoika matailosi m'sitolo ya munthu wa ku Nigeria ku Yeoville. Tsiku lachiwiri anabwera, anayang'ana pansi n'kunena kuti "sharp sharp," n'kutuluka. Ndinakondwa, ndimvekere bwana wakhutira, n'kupitiriza modekha kuti mizere iwongoke bwino. Madzulo anabwera atakwiya. Kwawo, m'Chingerezi chawo cha Pidgin, "sharp sharp" ndi msangamsanga. Munthuyo ankandiuza kuti ndifulumire chifukwa katundu wake anali m'njira. Taona: mzinda umodzi, msewu umodzi, mawu ofanana ndendende, koma wina akuti zili bwino, wina akuti changu. Joni ndi mudzi wa mitundu yonse ya mu Africa, ndipo Chingerezi chimene ukamve kumeneko si chimodzi. Mngerezi wa ku Britain akati "look sharp" akukuuza kuti fulumira. Wina akati "you look sharp" akukuyamikira kuti watchena. Kusiyana kwake ndi kaliwu kamodzi kutsogolo, ndi nkhope ya wolankhulayo. Phunzira kuyang'ana nkhope.

Tsopano pa ndalama, pamene ndikufuna utchere khutu kwambiri. Makapitawo ambiri a pa zomangamanga amalankhula mothamanga, akusakaniza Chingerezi, Chiafrikaansi ndi Chizulu, injini ya galimoto ikulira. Amatchula nambala, amatchula masiku, kenako amamaliza ndi funso: "Sharp?" Iwe uli ndi njala, pambuyo pako pali anthu ena asanu ofuna ntchito yomweyo, ndipo ukuopa kuti ukafunsa uoneka wovuta. Umati "sharp." Pamenepo wasayina. Palibe pepala, koma onse amene anaima pamenepo amva kuti wavomera. Zinandichitikira pa ntchito ina ya matailosi: ine ndinamva kuti mtengo umene anatchula ndi wa sikweya mita iliyonse, iye ankanena wa tsiku. Ndinagwira ngati bulu masiku 6, kuyamba kusanache mpaka mdima, poganiza kuti mita iliyonse ndi ndalama. Loweruka anandipatsa ndalama yosakwana theka la imene ndinawerengera. Nditadandaula, anatembenukira kwa anyamata ake n'kufunsa ngati sindinanene kuti sharp. Onse anagwedeza mitu. Ndinanenadi. Kaya anandipusitsa dala kaya tinangosemphana, mlandu unathera pa liwu langa lomwe.

Kuyambira tsiku limenelo ndinadziikira lamulo limene ndikukupatsa. Munthu akakufunsa "sharp?" pa nkhani ya malipiro, ya lendi, ya ngongole kapena ya katundu woti unyamule, usabweze liwu lomwelo. Bwereza pangano lonse m'mawu ako, pang'onopang'ono: ndalama zakuti, pa tsiku kapena pa ntchito yonse, kulipira tsiku lakuti, chakudya ndi thiransipoti za ndani. Akavomera, mutumizire zomwezo pa WhatsApp kuti ayankhe polemba. Ife tinalibe mwayi umenewu. Inu muli nawo m'thumba. Dziwanso kuti kuyambira Januwale 2019 dzikolo lili ndi lamulo la malipiro otsikitsitsa, amene anayambira pa R20 pa ola ndipo amawakweza chaka ndi chaka, komanso kuli bungwe la CCMA loweruza mikangano ya olemba ntchito ndi antchito. Ukafika ukafunse mtengo wa chaka chino. Koma kulikonse kumene ungakadandaule, funso loyamba lidzakhala lakuti munapangana zotani, ndipo chala chokweza m'mwamba sichingayankhe funso limenelo. Wolemba ntchito wachilungamo sakwiya ukamufunsa kawiri. Amene wakwiya wakuuziratu mmene Loweruka lidzathere.

Pali tanthauzo lina limene limandivuta kulifotokoza, chifukwa lili ndi nkhope ziwiri. Bwana akati "he is sharp," nthawi zambiri akuyamikira: mnyamatayu amagwira zinthu msanga, ukamuonetsa kamodzi basi. Ndikufuna adzanene zimenezi za iwe, ndipo ndikudziwa kuti mutu uli nawo. Koma liwu lomweli limapendekera mosavuta. Pa Chingerezi cha malonda ndi cha maloya, "sharp practice" ndi kuchita zinthu mwaukathyali, zosafika pokumangitsa koma zosayenera munthu woongoka. Wobera anzake pa juga ya makadi amamutcha "card sharp." Ifenso tili nazo: wanzeru ndi wochenjera si munthu mmodzi, ndipo mayi akati "mwana uyu ndi wochenjeretsa" sakumunyadira. Kalulu wa m'nthano timamuseka ndi kumukonda, koma palibe angamusungitse nkhokwe.

Ndinali ndi mnzanga wa kwathu konkuno amene tinkagwira limodzi kwa kontilakita wina. Anali wachangu, wodziwa kuwerengera penti ndi simenti pamtima, wodziwanso kumene angagule zotchipa n'kusunga chenji. Tsiku lina ndinamva bwana akuuza mnzake pafoni kuti, "He's sharp, that one. A bit too sharp." Mnzangayo anamvanso, ndipo madzulo anandiuza monyadira kuti bwana wamutama kawiri. Ine ndinali nditaphunzira kale kumvera kamvekedwe ka mawu, ndipo ndinamuchenjeza. Sanandimvere. Pamene bwanayo ankasankha munthu woti azisunga makiyi a nyumba za makasitomala, ntchito ya malipiro okwera, anadumpha iye n'kupatsa bambo wina wa ku Mangochi wosalankhulalankhula, amene ankabweza ngakhale R2 yotsala. Amalawi kumeneko timalembedwa ntchito za m'nyumba ndi za m'minda ya maluwa chifukwa cha mbiri yakuti ndife okhulupirika. Mbiri imeneyo anaipanga ndi anthu amene anakutsogolera, ena a iwo anagona kale. Anyamata a pa kona akadzakuuza kuti ku Joni umafunika kukhala shapu, akutanthauza ukathyali. Ndinawaona ambiri otero. Ndalama ankazipeza msanga, koma sindikumbuka ndi mmodzi yemwe amene anakhalitsa pa ntchito imodzi zaka zitatu.

Zina ndingodutsamo, poti ukuzidziwa kapena sizingakupweteke. Iwe woyimba kiyibodi ku kwaya ukudziwa F sharp, kabatani kakuda kokweza liwu theka la sitepe. Dziwanso kuti mphunzitsi wa nyimbo akakuuza kuti "you are sharp," akuti wapitirira pamwamba pa liwu loyenera, tsitsa. Chikwangwani cha pamsewu chikati "sharp bend," ponda buleki. A nyuzi akati "sharp rise" akunena kukwera kwadzidzidzi, ngati mmene mitengo inachitira kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wina akakuuza kuti madamu anali sharp naye, ndiye kuti anamukalipira. Ndipo wailesi ija ya agogo ako yolembedwa Sharp ndi ya kampani ya ku Japan imene Tokuji Hayakawa anayambitsa m'chaka cha 1912. Dzinalo linachokera ku pensulo yosafuna kusongola imene iye anapanga mu 1915.

Za kuchipatala zokha usadutsemo mothamanga. Mnzanga wina amene tinkagona chipinda chimodzi anadwala m'chifuwa nyengo yozizira ina. Anapita yekha ku kiliniki. Mzere unali wautali, namwino anali wotopa, ndipo atamufunsa mmene akumvera, pakamwa pake panatuluka yankho limene ankapereka kwa aliyense tsiku lonse: "Sharp." Anawonjezera kuti akungotsokomola pang'ono, chifukwa ankaopa kuti akalankhula zambiri afunsidwa mapepala. Anabwerako ndi mapanado. Patapita masiku atatu ankalephera kupuma, thupi lili moto, ndipo tinachita kumunyamula. Ulendo uno ndinalowa naye. Dokotala anafunsa kuti, "Is the pain sharp or dull?" Mnzanga anandiyang'ana mosokonezeka, chifukwa kwa iye sharp ndi bwino, ndipo ululu sungakhale bwino. Ndinamufunsa m'Chichewa kuti kodi chikubaya kapena chikungolemera. Anati chikubaya m'nthiti akamakoka mpweya, ngati wina akulowetsa singano. Ndinauza dokotala kuti sharp, pokoka mpweya, mbali yakumanja. Anamujambula, n'kupeza chibayo. Anagonekedwa masiku 9.

Ganizira dzina limenelo, chibayo. Makolo athu anatcha matendawa kuchokera ku ululu wake wobaya, ululu womwewo umene dokotala ankaufunsa m'chilankhulo chake. Chichewa chili ndi mawu ambiri a ululu: kubaya, kupota, kuluma, kuphwanya, kutentha, dzanzi. Dokotala amafuna kudziwa kuti ndi uti mwa amenewa, chifukwa uliwonse umamulozera kwina. Usanapite kuchipatala, khala pansi upeze liwu la Chichewa lolondola, kenako ufunefune la Chingerezi lofanana nalo, kapena utenge munthu wokumasulira. Ndipo ukadzapeza ntchito yokolopa m'chipatala kapena yosamalira okalamba, monga achitira Amalawi ambiri ku Cape Town ndi ku Britain, ukadzaona chigubu cholembedwa "sharps." Chimenecho ndi cha majakisoni ndi malezala ogwiritsidwa kale ntchito. Usadzapisemo dzanja, usadzachikhuthulire m'thumba la zinyalala.

Kwa wapolisi, kwa wa imigireshoni pa Mwanza, pa Nyamapanda kapena pa Beitbridge, kwa munthu amene akukufunsa mafunso a ntchito muofesi, yankha ndi chiganizo chathunthu. Shapu ndi liwu la anthu ofanana msinkhu, kapena la wamkulu akafuna kutsikira kwa wamng'ono. Iye akhoza kukuponyera, iwe usayambe. Ukadzabwerako, usadzalowe nalo pabwalo la mfumu kapena pa siwa. Azakhali ako akadzati "mwayenda bwanji, bambo," akufuna malonje: unanyamuka liti, unagona kuti, amene unawasiya ali bwanji. Malonje amatenga nthawi chifukwa ndi mmene mudzi umamulandirira munthu kuti akhalenso wawo. Ndinaonapo mnyamata atabwera ndi galimoto ya nambala za ku Gauteng, agogo ake atagwada kumupatsa moni, iye n'kukweza chala ali chiimire. Agogowo sananene kanthu, koma nkhani imene inatsala m'mudzi sinali ya galimoto.

Chimene chandikhazika pansi kulemba zonsezi ndi cha m'chaka cha 2008. Iwe unali ndi zaka 6. Pa 11 Meyi ziwawa zothamangitsa alendo zinayamba ku Alexandra, n'kufalikira m'malokeshoni ena ngati moto wa lupsa. Pomatha masabata awiri anthu 62 anali ataphedwa, ndipo masauzande anathawa m'nyumba zawo. Ife zinatipeza usiku. Ndinatuluka ndi pasipoti, foni ndi zovala za m'thupi. Makina anga odulira matailosi, amene ndinasungira ndalama chaka chathunthu, ndinawasiya. Tinagona pabwalo la polisi, pa simenti, m'chisanu cha Meyi, amayi ndi ana ali mbali ina. Tsiku lachiwiri mayi ako anayimba. Anali atamva pa wailesi. Anafunsa kuti, "Achimwene, muli moyo? Muli kuti?" Ine ndinati, "Tili shapu, mlongo, musadandaule. Zili kutali ndi kuno." Ndinadula msanga ponamizira mayunitsi.

Ndinkati ndikuwateteza. Zoona zake n'zakuti ndinkachita manyazi. Ndinachoka kwathu ngati munthu wokasintha banja, amene anthu ankamutchula akamakamba za malata atsopano, ndipo sindinafune kuti adziwe kuti ndagona pansi ngati galu, ndikudikira buledi wa a mpingo. Mayi ako sanapusitsike. Anamva ana akulira kumbuyo kwanga, anamvanso kuti liwu langa silinali langa. Anandiuza patapita zaka kuti masabata awiri amenewo sanagone, chifukwa munthu akakuuza vuto lake umadziwa kukula kwake, koma akakubisira umaliyeza ndi maliro. Anapita kwa abusa, anapita kwa mfumu, anagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndalama ya basi ikhale pafupi, osadziwa kuti aitumiza kuti. Ndikanangonena kuti tathawa, tili kupolisi, sitinavulale, katundu yekha ndiye wapita, akanalira tsiku limodzi n'kugona.

Unamvapo za matchona, anthu amene anapita kumwera osabwereranso. Tili ana tinkaganiza kuti ndi anthu oipa mtima, oiwala kwawo chifukwa cha zokoma za m'tauni. Nditakhala nawo ndinaona zina. Ambiri amakumbukira kwawo tsiku lililonse, amatchula mayina a mitsinje ndi a anthu amene anamwalira kalekale. Chimene chinawatsekera njira ndi mayankho awo omwe. Chaka choyamba ntchito inasowa, anauza kwawo kuti zili shapu. Chaka chachiwiri anadwala, anati zili shapu. Kwawo anakhulupirira, n'kuyamba kupempha fizi ndi feteleza, poti munthu zikumuyendera. Iye, posowa chotumiza, anayamba kusayankha foni. Pofika chaka chachisanu, kubwerera chimanjamanja kukanatanthauza kuvomera kuti zaka zonsezo ankanama, ndipo mtolo umenewo unamulemera kuposa kukhala. Ndinathandizapo kusonkha ndalama zotumizira maliro a anthu otere, ndipo kawiri konse abale kumudzi anadabwa kumva kuti malemuwo ankagona m'kachisakasa ka malata. Abalewo ankaganiza kuti ali ndi nyumba.

Liwuli linapangidwa kuti lizitseka nkhani mwaulemu ndi mwachangu, ndipo ntchito imeneyo limaigwira bwino pa geti, pa loboti ndi pa siteji, pamene anthu akungodutsana. Ukalitenga n'kupita nalo kwa munthu amene amakukonda, limatsekanso chimodzimodzi, iye n'kutsala panja. Bambo a ku Mzimba aja, amene anandilipirira lendi, anatha kundithandiza chifukwa tsiku limenelo ndinalibe mphamvu zonamizira. Atandifunsa, ndinawauza zonse. Ukafika, funa mpingo kapena gulu la Amalawi losonkherana pa mavuto, ulembetse mwezi woyamba womwewo, zinthu zisanathine. Ndipo mwa anthu onse amene udzakumane nawo, sankha mmodzi kapena awiri amene akakufunsa kuti zikuyenda bwanji uzikhala pansi n'kuwayankha zenizeni.

Basi ikadutsa mlatho wa Zambezi ku Tete netiweki ya kuno idzakhala itatha kale, ndipo mwina sitidzamvana mpaka utagula simu ya kumeneko. Nambala ya mnzako uilembe papepala, pepalalo uliike m'thumba losiyana ndi la foni. Lamlungu loyamba ndidzakuyimbira 7 koloko madzulo, ndendende, mayi ako ali pambali panga. Ndidzakufunsa kumene ukugona, anthu angati m'chipindamo, chimene wadya tsiku limenelo, ndi ndalama imene yatsala m'thumba. Udzandiyankhe m'Chichewa, funso lililonse palokha, ngakhale yankho litakhala loti sunadye.